Telala Wosadula Nsalu

Ine ndimasoka nsapato pakhonde la sitolo ya zitsulo, ndipo kwa zaka khumi ndi chimodzi khondelo ndakhala ndikugawana ndi telala wina wamkazi. Iye ali ndi makina ake chakumapeto, ine ndili ndi benchi langa pafupi ndi ngalande. Anthu onse a mumzere wathu amamutchula kuti Mukuonabwanji, ndipo dzinali sanalitole panjira. Mayi ameneyu sangagule ngakhale sopo asanafunse anthu atatu. Tsiku lina masana anaimitsa makina n'kunena kuti, "Achimwene, mukuona bwanji, ndatopa kapena ndipitirize?" Ndinamuyankha kuti miyendo yopalasa makinayo ndi yake, si yanga.

Kusoka ndiye amasoka, osati zocheza. Msoko wake suphonya, zipi akaika sichita mimba, ndipo kolala imakhala pansi mwaulemu. Vuto ndi limodzi: telala ameneyu sadula nsalu. Ali ndi zaka makumi anayi ndi ziwiri, sizasi ali nayo, koma ntchito yake ndi yodulira ulusi basi. Kasitomala akabwera, iye amamuyeza bwinobwino ndi tepi n'kulemba m'kabuku. Kenako amapinda nsaluyo, kuiika m'chikwama, n'kukwera minibasi kupita kwa amayi ake kuti akamudulire.

Amayi akewo anali telala wotchuka pa nthawi yawo, ndipo pakamwa pawo mpakuthwa kuposa sizasi yawo. Mnzangayu ali ndi zaka zisanu ndi zinayi anadula kangodya ka nsalu ya kasitomala kuti asokere chidole chake kadiresi. Amayiwo sanam'menye, bola akanatero. Anakhomera nsaluyo pakhoma, pamwamba pa makina, ndipo inakhala pamenepo mpaka mwanayo atatha msinkhu. Mlendo aliyense ankamuonetsa. "Onani ntchito za manja a mwana wanga wowononga uja." Atakhoza mayeso, amayiwo anati mafunso a chaka chimenecho anali ophweka. Atapeza banja, anati mwamunayo sanamuonetsetse. Bambo ake ankakhala kuseri kwa nyuzipepala, ndipo pa funso lililonse yankho lawo linali lakuti, "Funsa amayi ako." Ine nkhani zimenezi zimandipsetsa mtima, moti nthawi zina ndimakhoma msomali wa chidendene mopitirira muyeso.

Sikuti mwiniwakeyo sadziwa kuti china chake chinasokonekera. Uphungu waufunafuna mpaka nsapato kutha, ndipo ndikudziwa chifukwa wozisoka ndine. Anapitako ku msonkhano wophunzitsa kudzidalira, mu holo ya sukulu ina. Mlangizi wa suti yonyezimira anauza anthu kuti aimirire, adzigugude pachifuwa n'kukuwa kuti, "Ndikhoza!" Mnzangayu anatembenukira mayi amene anakhala naye pafupi n'kumufunsa ngati nayenso akuwe. Atabwerako ndinamufunsa zimene waphunzira. Anati jekete la mlangiziyo linadulidwa molakwika, phewa lakumanzere linali kulendewera, ndipo maola atatu onse analephera kuchotsapo maso.

Anapitanso kwa mneneri wina amene anapempherera sizasi ija n'kuidzoza mafuta. Kunena zoona pamenepo panali kusintha, chifukwa sizasiyo inasiya kulira. Anaimbako foni pa pologalamu ya malangizo pa wailesi, ndipo atauzidwa kuti azimvera mtima wake, anafunsa mayi wa pa wailesiyo kuti mtimawo ukuti chiyani. Mwamuna wake, dalaivala wa lole, ndi munthu wabwino, koma mawu ake ndi amodzimodzi: "Zili kwa iwe." Palibe mawu omwe amamudwalitsa mutu mnzangayu kuposa amenewa.

Zaka zitatu zapitazi maso a amayi aja anayamba kuchita ng'ala. Zidutswa zinayamba kubwera zokhota, mkono wina wautali, khosi lopendekeka. Mwana wawo sankanena kanthu. Ankangobweza apa, kupinda apo, kubisa cholakwikacho mumsoko, ndipo kasitomala ankachoka akumwetulira. Ndikamuyang'ana ankati, "Amayi amadula mwachikale, achimwene, inu simungazimvetse."

Ndiye kunabwera namwino wina, mtsikana wofatsa, ndi nsalu ya diresi la ukwati wake. Inali yoyera, yonyezimira mbali imodzi, yomwe mkulu wake anamutumizira kuchokera kutali, ndipo m'masitolo athu munalibe yofanana nayo. Ukwatiwo unali Loweruka. Lachitatu m'mawa mnzanga anamasula mtolo wochokera kwa amayi ake, n'kuyala zidutswa patebulo. Ndinangomva makina ali zii, ndipo nditadzutsa mutu ndinamuona ataima, manja ali kumutu.

Amayiwo anaiwala kupinda nsalu pawiri asanadule. Chifuwa cha diresi chinatuluka mbali ziwiri zakumanzere zokhazokha, mikononso chimodzimodzi. Nsalu wamba ukhoza kuitembenuza, koma iyi kuseri kwake kunali kothimbirira. Izi sizinali zobisa mumsoko. Panatsala kachidutswa kosakwana mita imodzi ndi theka, ndipo aliyense woti akadule anayenera kukhoza ulendo umodzi womwewo. Akaphonya, namwino uja analibe chovala Loweruka, ndipo dzina la telala wathu likanathera pomwepo.

Anayamba kuzungulira mzere wonse. Mwini sitolo ya zitsulo anati auze akwatiwo asinthe tsiku. Wometa anati anamizire mkulu wa namwinoyo kuti anatumiza nsalu yoperewera. Mayi wogulitsa zipatso anati athawire kwa abale mpaka Lolemba. Foni ya mneneri inali yothima. Mlangizi wa jekete uja anayankha, ndipo anati nkhani ngati imeneyi adzaifotokoza bwino pa msonkhano wa mwezi wamawa. Mwamuna wake ananena zake zija. Pomaliza anadzaima pa benchi langa, maso ali gwa pa ine.

Ndikanakonda kunena kuti ndinamuuza mawu anzeru, koma bodza. Ndinali ndi nsapato zisanu ndi imodzi zondidikira, ndiye ndinangoti, "Achemwali, pitani nayo kwa telala wa tsidya la msewuyo akakudulireni."

"Ndani? Ujayu?" Mawu ake anakwera moti wometa anasuzumira. "Munthu wodula mikono ngati mapaipi amadzi? Achimwene, mwandinyoza. Ujayu angayambe ndi mkono, nsalu n'kumuthera. Apa pofunika kuyamba ndi chifuwa, chigone chonchi, motsata ulusi. Taonani."

Anatenga choko kuti andionetse mmene mnzakeyo angalakwitsire. Anajambula chifuwa chakumanja, n'kulowetsa mkono m'kampata kamene ine ndinkaona ngati simungakwane ngakhale thumba. Mkono wakumanzere wotsala uja anati udulidwenso ukhale kolala. Ankalankhula osapuma, tepi ili m'khosi, mapini ali pakamwa, akumunyoza telala wosalakwa uja mpaka agogo ake. Pamene ankamaliza, kachidutswa konse kanali katajambulidwa, popanda malo otayika oposa chikhatho.

Anaima n'kuyang'ana zimene wachita. Kenako anafunsa motsitsa mawu kuti, "Ndiye adule ndani?"

Ine ndinaweramira nsapato yanga. Wometa anabwerera kwa kasitomala wake. Kwa nthawi yoyamba mumzere wathu munasowa munthu wopereka maganizo, ndipo sikuti tinapangana, tonse tinkangoopa kuti mlandu ungatigwere.

Anatenga sizasi. Anaitsegula n'kuitseka kawiri m'mwamba, n'kuilowetsa pansi pa nsalu. Ndinamva kuti kwee, kenako kweee wautali, ndipo kuyambira pamenepo dzanja lake linayenda lokha. Atamaliza anakhala pampando n'kulira ngati pamaliro, ine n'kumanamizira kuti guluu wandilowa m'maso. Ndinamumvera chisoni, komanso ndinakwiya poganiza kuti zaka makumi atatu zinapita chifukwa cha kadiresi ka chidole.

Lachisanu m'mawa namwino anabwera kudzayesa. Diresi linamukhala ngati anabadwa nalo, ndipo anadziyang'ana pagalasi mpaka kuchedwa kuntchito. Ine ndinati basi, nkhani yatha. Koma mnzangayu anapempha kuti diresilo alipereke madzulo, chifukwa ankafuna kuti amayi ake alione kaye. Ndinamuuza kuti akukadziputira yekha mavuto. Ndinamuperekezabe, kuti ndizilinyamula m'mwamba mu minibasi, komanso chifukwa ine nkhani ndimazikonda.

Tinawapeza atakhala pakhomo, sizasi yawo ili pamiyendo ngakhale panalibe chodula. Mwana wawo anagwada n'kuwayalira diresi m'manja. "Amayi, lija la ukwati latha."

Amayiwo analiyandikitsa kumaso, kenako n'kusiya zala kuti zione. Anasisita phewa, kutsika nalo mpaka m'chiuno, n'kupapasa kolala. Nkhope yawo inamasuka pang'onopang'ono.

"Ukuona iwe? Uku ndiye kudula," anatero. "Phewa ili lagona bwino. Kolala iyi telala wamba sangaiganize n'komwe. Zaka zonsezi sindinadulepo diresi lokongola chonchi, manja angawa sanakalambe. Uliyang'anitsitse, ngakhale ndikudziwa kuti iweyo mpaka kufa sudzafikapo apa."

Ndinatsegula pakamwa kuti ndiwauze gogowo amene wadula, koma mnzangayu anandiponda chala ndi chidendene chimene ndinakhoma ndekha.

"Zikomo amayi," anatero, akupinda diresi lija mosamala.

"Koma mpendero wam'munsiwu wausoka mothamanga," anawonjezera amayiwo, kuti tisachoke chimanjamanja.

Tinayenda mpaka pokwerera minibasi. Ine ndinali kutsimphina, mtima uli m'mwamba. Pomaliza ndinalephera kupirira.

"Achemwali, mwadikira zaka zonsezi kuti akuyamikireni. Lero ayamikira, inu n'kuwasiyira ulemu wonse. Bwanji simunawauze?"

Anaseka, misozi ikutsika. "Achimwene, amayi anga simukuwadziwa. Ndikanawauza kuti ndadula ndine, phewa lija likanakhota pomwepo, kolala ikanakhala ya telala wamba." Anapukuta maso ndi kuseri kwa dzanja, kuopa kudetsa diresi. "Zala zawo sizinama, chonama ndi pakamwa pawo. Ndazimva zimene zalazo zanena."

Minibasi inaima patsogolo pathu, kondakitala akukuwa kuti malo alipo awiri. Iye analanda diresi m'manja mwanga n'kuyamba kukwera.