Msangu wa m'munda mwa Tankari

Tankari, wa kumudzi wina kufupi ndi tauni ya Maradi, anayamba kugwira nkhwangwa ndevu zisanamere. Ntchito yake ndi imodzi basi: kulowa m'thengo ndi bulu wake, kugwetsa mitengo youma, kuiwaza, n'kukagulitsa nkhuni kwa amayi okazinga zitumbuwa za nyemba pamsika. Mtengo wauwisi sakhudza. Asanateme amayamba waugogoda ndi kumbuyo kwa nkhwangwa, khutu lili patsinde. Ukalira ngati ng'oma, ndiye wake. Ukapanda kulira, amaupepesa n'kupitirira.

"Iwe Tankari, ukufunsira mbeta pamenepo?" amamuseka choncho anzake odula nkhuni.

"Nanga inu kwa akazi anuwo munangolowa osagogoda?" amawabwezera.

Panali mtengo umodzi umene munthuyu ankaukonda ngati m'bale wake: msangu waukulu wapakati pa munda wake, umene anausiya malemu bambo ake. Pansi pake mchewere unkabereka zoopsa. Dzuwa likapsereza udzu wonse, mbuzi zake zinkadya nyemba zogwa mumtengomo mpaka mvula ibwere. Popanda msanguwo, mbuzizo sizikanaona dzinja.

Chaka chatha fumbi la mphepo yachilimwe linamulowa m'chifuwa. Anatsokomola mpaka mvula inayamba, nthiti zonse pamtunda, nkhwangwa ili gone pakhomo. Mkazi wake, Tsahara, mayi wa mwana wawo Balki, anayamba kumuphikira makungwa a msangu, monga amachitira aliyense kuno chifuwa chikavuta. Tankari ankangomwa, kuwawa konseko, osafunsa kumene achokera. Mwamuna akadwala safunsa zambiri, amangoyasamula. Ndipo anachiradi.

Tsono msangu ndi mtengo wamakani. Anzake akamaphuka ndi mvula, iwo umayoyola masamba. Anzake akauma, m'pamene umavala. Ndiye dzinja lonse unali mbulanda, ndipo palibe anadabwa.

Atakolola, misangu ya m'minda ya anzake inayamba kubiriwira. Wake zii. Anadikira, akuti mwina wachedwa chabe. Mwezi unatha. Tsiku lina anapita ndi nkhwangwa n'kugogoda. Mtengo unalira ngati ng'oma. Atakankha mapesi a mchewere amene anaunjikana patsinde, anaona kuti khungwa linasendedwa kuzungulira konse.

Anafika pakhomo atapsa mtima.

"Ndani mfiti imeneyi? Ndani wandiphera mtengo wa bambo anga?"

Tsahara ankasinja. Anaimika munsi.

"Ndine, bambo a Balki."

"Iwe?"

"Mumayesa mankhwala aja ankagwa kumwamba? Ndikanasenda wa eni ake kuti anditche wakuba? Mbali ino ikatha ndinkapita mbali inayo."

"Mkazi wa wodula nkhuni, osadziwa kuti mtengo sausenda kuzungulira!"

"Kudziwa ndimadziwa," anatero Tsahara misozi ili mbwee. "Koma ine ndinkaona nthiti zanu, sindinkaona mtengo."

Tankari zinamuwawa kwambiri, koma akanakwiyira ndani? Mtengowo anaumwa yekha, chikho ndi chikho, n'kumanyambita milomo.

Mbuzi anagulitsa zisanayambe kuonda. Anangotsala ndi kamsoti kamodzi. Kenaka ananola nkhwangwa, n'kukana anzake onse amene ankafuna kumuthandiza. Msangu ndi wolimba, unamudyera masiku. Utagwa anakhala pachitsa nthawi yaitali, bulu akungomuyang'ana.

Amayi a pamsika anamva, n'kubwera kudzapempha nkhunizo, poti zouma chonchi zikusowa masiku ano. Anawabweza onse. Anatuta yekha mtolo ndi mtolo, n'kukaunjika kuseri kwa khitchini ya mkazi wake.

"Uziphikira," anatero. "Ndi zako."

Lero Tankari akupitabe kuthengo, akugogodabe mitengo, chifuwa chili bwinobwino. Mulu uja ukadali pomwepo, chiswe chayamba kuulowa. Tsahara akafuna kusonkha moto amaulambalala, n'kukatola mapesi kumunda.