Galimoto Yofiira Yokana Kubwerera M'mbuyo

Chaka chimene salaula, zovala za kaunjika, inasefukira ku msika wa Kamwala, aliyense n'kusanduka wabizinesi, mwana wa alandilodi athu ku Chawama anagula galimoto yofiira ya zitseko ziwiri yochokera ku Joni, yonyonyomala ngati chule. Anailowetsa pabwalo mwamatama, mphuno yake n'kukaima pakhoma la chimbudzi. Pofuna kutuluka Lachiwiri, giya ya rivesi inakana. Loweruka lake amayenera kukaonekera nayo kwa apongozi ku Matero, ndipo komboni yonse inali itamva kale.

Anathamanga kukaitana makanika wa kuseri kwa msika, mdala amene anatsala padzuwa kampani ya mabasi itagwa. Ankayendabe mu ovolosi ya kampani yakufayo, akulumbira kuti palibe giyabokosi imene khutu lake silingaimve. Ntchito zonse zimene ankapeza zinkabwera chifukwa cha mbiri ya khutulo. Ine ndinali naye chifukwa. Anandikwapulapo ndi lamba wa injini nditamangirira chitini kunjinga yake, n'kulengeza pamsika kuti giredi teni yanga ndi yokulungira vitumbuwa.

Mwini wake atachoka, ndinalowa m'galimotomo kukaseweretsa ndodo ya magiya. Pansi pa mutu wa ndodoyo panali kamphete. Nditakakokera m'mwamba ndi zala ziwiri, ndodo inalowa rivesi mofewa ngati mpeni m'papaya. Ndinaibwezera pakati, n'kutuluka, n'kukakhala pa njerwa ngati mwana wa kwaya.

Mdala anafika ndi bokosi la masipanala, anthu akumulondola. Poyamba anachita za nzeru, ndisamunamizire. Injini ili yozima analowetsa magiya onse asanu, nailiza, n'kuwalowetsanso. Anati kilachi ilibe mlandu. Apa nzeru zinathera. Anagwira ndodo ndi manja awiri ngati akukankha giya ya basi yodzaza anthu a ku Marapodi, mitsempha ya m'khosi n'kutuluka. Kamphete kaja kanali m'chikhatho mwake momwemo.

"Ba mudala, vuto ni chani?" ndinafunsa mwaulemu wonse.

"Iwe mwaiche, choka apa. Ivi si vinthu va ku sukulu."

Anakwawira pansi, nsonga ya sikuludiraiva pa giyabokosi, chigwiriro pakhutu, maso ali tsinzini ngati sing'anga akumva mizimu. Anakhetsa oyilo m'beseni la amayi, namufikisa pazala kufuna tizidutswa ta chitsulo, namununkhiza, mpaka kumulawa. Oyiloyo anali woyera ngati uchi.

"Mano ya rivesi yasila," anagamula kuti atheratu. "Namva na khutu yanga."

"Zoona, ba mudala," ndinathira mchere. "Na ine namvako."

Anandiyang'ana mokondwa, chitsiru cha munthu.

Masiku atatu giyabokosi inali pa saka pakati pa bwalo, nkhuku zikujompha mabawuti. Ataitsegula, mano onse anali athunthu, owala kuposa ake. Munthu wamanyazi akanavomera pomwepo kuti sakudziwa. Iye anakanda m'mutu nati anthu a ku Joni amabisa matenda mkati mwa chitsulo. Anatsuka zonse ndi parafini, n'kumanganso. Kasipuling'i kena ndi kampira kachitsulo zinatsala pa saka. Ndinamuona akuzikwirira ndi chidendene m'fumbi.

Lachisanu masana bwalo linadzaza: azimayi a pampopi, anyamata a mawilibala, ngakhale atelala achisilamu amene anasiya makina awo kudzaonerera. Mwini galimoto anakhala pa chiwongolero, naliza injini, nakankha ndodo. Yakana. Anakankhanso. Yakana.

"Ba mudala, mailo nizayenda na chani ku Matero?" anakuwa, poti ulendo unali wa mawa lake.

Mdala anayamba kunena za anthu ansanje amene amalodza galimoto za anzawo. Apo mpamene ndinatsegula chitseko cha mbali inayo.

"Ba mkulu, dyakani kilachi," ndinatero. Anaiponda.

Zala ziwiri, kamphete m'mwamba, ndodo kumbuyo. Galimoto inasiya khoma la chimbudzi, n'kubwerera bwinobwino mpaka kuponda bokosi la masipanala.

Phokoso lake! Mayi wina anagwetsa ndowa. Atelala anaseka mpaka kuvula kofia n'kupukutira misozi. Mdala anaima kukamwa kuli yasa, oyilo akuyenderera m'chigongono.

"Iwe, unaziba liti?" anandifunsa mwini galimoto.

"Pa Chibili, ba mkulu. Koma ananiuza ati si vinthu va ku sukulu."

Ku Matero mwini galimoto anapita, koma giya yachiwiri inali itayamba kudumpha yokha, chifukwa cha kasipuling'i kokwiriridwa kaja. Akuti anafika kwa apongozi akudzuma ngati wa ntchofu. Amayi anandithyolera mthiko pamsana, nandituma kukapepesa. Ndinapita, n'kukafukula kasipuling'iko, n'kukapereka kwa mdala ndi manja awiri, nditagwada, pamaso pa msika wonse.

Kuchokera tsikulo palibe anamubweretseranso galimoto. Anatsikira ku mawilibala ndi maprayimasi. Ana a m'komboni akafika pakhomo pake ankatembenuka n'kudutsa chammbuyo, akulira ngati injini. Amene anawaphunzitsa ndine, ndipo lamba uja ndikamukumbukira ndimaona kuti ndinamuchitira chifundo.