Mkaka Umene Ndinakamira Mumchenga

Pali chinthu chimene sindinauzepo munthu, ngakhale bambo a mwana wanga. Kuno ku Kawale aliyense amadziwa kuti mwana wanga anasiya kuyamwa atangoyamba kukwawa chifukwa cha apongozi anga, ndipo anzanga akamandimvera chisoni ndimangogwedeza mutu. Zoona zake n'zakuti tsiku limene apongozi anandiletsa kuyamwitsa, mawu owayankha ndinali nawo, mawu oona, koma ndinawameza dala.

Nthawi imeneyo n'kuti ndikuyendayenda ndi gitala. Satifiketi yanga ya zaulembi inali m'sutikesi kunsi kwa bedi, ntchito yake sinapezeke. Ndinkapeka nyimbo zanga ndekha n'kumaziyimba ndi anyamata atatu a bandi. Tinkapita ku Mchinji, ku Kasungu, ku Dedza, m'maholo a sukulu ndi m'mabala momwe anthu ankangofuna nyimbo za ena zimene anazizolowera pa wailesi. Ndikayamba yanga, azibambo ankadzuka kukagula mowa. Bambo a mwana ankayendetsa thiraki ya katundu ulendo wa ku Beira, pakhomo ankafika ngati mlendo, ndiye ndinkakhala ndi amayi awo m'nyumba ya zipinda ziwiri.

Mwana atabadwa, ndinkavomera malo okhawo amene ndikanabwerako osagona. Apongozi anali atandiuziratu kuti mayi woyamwitsa akagona kutali ndi mwana, mkaka umasasa m'mawere, ndipo mwana akauyamwa amatsegula m'mimba mpaka liwombo kulowa. Ankati mwana wawo wachiwiri anapita choncho, iwo atakagona kumaliro kumudzi. Sankanena mokalipa ayi. Ankanena akupukuta mbale, maso ali kumbale komweko. Koma kusikelo anamwino ankatiphunzitsa zina. Ankati mkaka suwonongeka m'thupi la munthu wamoyo, ukabwera kuulendo ungosamba n'kumupatsa mwana bere lake. Zimenezi ndinazimva ndi makutu angawa, ndipo ndinazikhulupirira.

Kenaka tinaitanidwa ku chikondwerero cha nyimbo cha m'mbali mwa nyanja, cha masiku angapo, kumene kunkabwera oyimba akunja ndi azungu odzaona dziko. Ife anatiika masana a tsiku loyamba. Ndinauza apongozi kuti tinyamuka m'mamawa kudzera msewu wa ku Salima, tikayimba n'kubwerera. Ndinayamwitsa mwana mpaka anagonera pabere, n'kumusiya m'manja mwawo.

Nsanja anaimanga pamchenga penipeni. Titakwera, dzuwa linali paliwombo, zingwe za gitala zikutentha zala. Anthu ambiri anali m'madzi, ena pamthunzi wa mitengo. Patsogolo pathu panali kagulu kochepa ndi galu wogona. Koma palibe amene anakuwa kuti tiyimbe ya wakutiwakuti. Nditafika pa nyimbo ina yapansipansi imene ndinaipeka ndikuchapa matewera, ndinaona anthu akutuluka m'madzi, akubwera ali chinyowere n'kukhala pansi. Chiyambire kuyimba, sindinamvetseredwepo choncho.

Ndili pakati pa nyimbo yomweyo, mawere anayamba kunyerenyetsa, kenaka ndinamva bulauzi ikunyowa. Kwathu amati zikatero ndiye kuti mwana akulira. Ndinakumbatira gitala pachifuwa mpaka tinamaliza. Tikutsika, woyimba ng'oma, amene anali wamkulu wa bandi komanso wanthabwala, anandinong'oneza.

"Sisi, abwana anu akukuimbirani foni. Taonani, netiweki ili fulu."

Ndinaseka, ndikudzifunda chitenje. Ndipamene anabwera mayi wina wa okonza chikondwererocho. Anati woyimba amene amayenera kutsegulira pansanja yaikulu tsiku lotsatira walephera kubwera, ndiye ankafuna ineyo, ndekha ndi gitala. Anyamata sakanatsala, chifukwa anali ndi ukwati woti akayimbe ku Area 25. Analongedza zida m'minibasi, injini n'kuliza, wa ng'oma uja atagwira chitseko. Sanasekenso. Anangofunsa ngati ndikukwera. Ndinamupempha kuti akadzere kunyumba akanene kuti ndifika mawa. Anandiyang'ana pachifuwa, n'kuyang'ana kumbali, n'kutseka chitseko.

Minibasi itapita, ndinazindikira kuti pamalo ponsepo panalibe munthu wondidziwa. Anthu ankayenda awiriawiri kapena m'magulu, akuseka m'zinenero zawo. Ine ndinali ndi kachingwe ka pulasitiki pamkono kondilola kudya kumene oyimba ankadyera, ndipo ndinadya nditakhala pa bokosi la sipika, gitala ili pambali ngati mnzanga. Oyimba ena ankandipatsa moni waulemu n'kupitiriza nkhani zawo za ndege ndi masitudiyo. Mawere anali atauma gwa ngati mapapaya osapsa, ululu ukufika m'khwapa.

Ndinazungulira kuseri kwa mpanda wa bango umene unalekanitsa chikondwerero ndi mudzi. Ndinagwada, n'kuyamba kukama. Mchenga unkamwa mkakawo pompopompo, osasiya ngakhale chizindikiro. Chapafupi panali mayi wina wa m'mudzimo akutsuka mapoto. Anandiyang'ana kwa kanthawi.

"Mwana ali kuti?"

"Ku Lilongwe."

"Wamoyo?"

"Wamoyo, mayi."

Anatola mapoto ake n'kusendera patali. Ndikanakonda akanandinyoza.

Za tsiku lotsatira sindinama, ndinasangalala. Ndinamanga nsalu pachifuwa mkati mwa diresi, ndinayimba, anthu anawomba m'manja mpaka ndinabwereza nyimbo ya matewera ija. Bambo wina wa pa wailesi anapempha sidi ya nyimbo zanga. Ena anandifunsa ngati ndingakayimbe ku Blantyre, ena ku Mzuzu, malo oti munthu sungapite n'kubwerako osagona. Onse ndinawayankha kuti ndiona. M'basi pobwerera ndinkangowerengera m'mutu mizinda imeneyo, kwinaku ndikudzitukwana.

Ndinapeza apongozi ali pakhonde akumudyetsa mwana phala. Atandiona, mwana anaponya manja, phala likutuluka m'kamwa. Apongozi anamutembenuza pang'onopang'ono kuti ayang'ane kukhoma. Anandilonjera bwinobwino, anafunsa za ulendo, anadikira ndikhale pansi.

"Amake mwana, mwagona kunja. Uyu bere walisiya dzulo."

Pambali pawo panali kasosala ka tsabola wosinja kale. Anali atakonzeka. Maso awo anali ofiira, ndipo ndinadziwa kuti mwana sanawagoneke tulo, komanso kuti mumtima mwawo munali mwana wawo uja wa kalekale.

Apa ndiye pamene pali nkhani yanga. Mawu a anamwino anali pakamwa. Apongozi anga si munthu wouma mtima. Ndikanawapempha kuti tipitire limodzi kusikelo akamve okha, akanavala nsalu yawo n'kunditsatira, ndikudziwa. Ndikanathanso kungomutenga mwana n'kulowa naye kuchipinda, ndani akanandilanda? Koma m'mutu mwanga munadutsa Blantyre, munadutsa Mzuzu, munadutsa anthu aja akutuluka m'madzi. Ndinaona kuti khomo latseguka lokha, ndipo wolitsegula si ine, mlandu sudzakhala wanga.

"Chabwino, Amayi," ndinatero.

Tsabola ndinadzipaka ndekha. Mwana anabwera ndi changu chake chonse, anagwira bere ndi manja awiri monga ankachitira, n'kuyamwa kamodzi kokha. Kulira kwake sikumene kumandivutitsa. Chimene sichichoka ndi mmene anandiyang'anira asanayambe kulirako. Mawa lake anayesanso, mkuja wake sanayesenso.

Miyezi yotsatira anatsika thupi. Kusikelo anamwino anandikalipira pagulu, ine n'kunena kuti ndi apongozi. Anatsonya, nati agogo aku Kawale atimalizira ana. Amayi anzanga anandigwira paphewa. Bambo a mwana atabwera kuchokera ku Beira anakangana ndi amayi awo, ine ndili kuchipinda ndikumva, osatuluka. Apongozi sanadziteteze. Ankangodzuka m'mamawa kusinja nsinjiro zothira m'phala, mpaka mwana anabwerera m'thupi.

Ku Blantyre ndinapita, ku Mzuzu ndinapita, kunyanja kuja ndinabwererakonso. Ndagona m'maresitihausi ambiri, gitala ili mbali imene mwana akanagona. Nyimbo zanga zimagula yunifomu yake ya kusukulu ya mkaka ndi mankhwala a agogo ake.

Pano akulankhula bwino. Akagwa pabwalo amandidutsa ine n'kuthamangira kwa agogo. Tsiku lina nyimbo ya matewera ija inalira pa wailesi, iye ali pamiyendo panga ndikumumasula tsitsi. Anatsetsereka, anakagwira wailesi ndi manja awiri, n'kuitana agogo ake kuti abwere msanga, amama ali umu.

Apongozi mpaka lero amakhulupirira kuti anapulumutsa mdzukulu wawo, ndipo amasenza mlandu umene ndinawasenzetsa osadandaula. Ine ndimati mawa ndiwauza, mawa likafika ndimanyamula gitala. Inu amene mwawerenga, makamaka amayi anzanga amene munasiyapo mwana pakhomo chifukwa cha chinthu chimene mtima wanu unkachifuna, ndiuzeni: pakhonde paja, kasosala kali pambali, ndinachita bwino kukhala chete?