Dzina Ndinalibisa, Khonde Ndinalitchula

Chaka chimene ndinalowa m'bungwe la akatswiri ofufuza za kakhalidwe ka anthu, anandipatsa kabuku ka malamulo. Ntchito ya bungweli ndi kutisonkhanitsa tonse ogwira ntchito imeneyi m'dziko muno, kufikitsa zimene tapeza kwa opanga malamulo, ndi kutiyang'anira kuti tisapweteke anthu amene timawafunsa mafunso. Lamulo loyamba linali lakuti dzina la munthu wofunsidwa lisatuluke. Nthawi imeneyo ndinali wodzimva, ndipo lamuloli ndinkaliona lophweka ngati kumwa madzi.

Ndinkafufuza za amayi amasiye ndi nyumba zawo ku Bangwe. Mwa iwo munali mayi ena oyenda motsimphina, osoka zovala pakhonde pafupi ndi kiyosiki ya madzi. Ulendo wachitatu anandiuza za kukhosi. Alamu awo ankafuna kugulitsa nyumba imene malemu amuna awo anasiya. Mayiwo anawanamiza kuti mapepala a nyumbayo anasowa pamaliro, chonsecho anali atawasokerera m'pilo.

"Achemwali, zimenezi zithere pompano," anatero.

"Musadandaule mayi, dzina lanu silituluka."

Pamsonkhano wapachaka wa bungwe ndinakamba za mayiwo, ndipo dzina ndinalibisadi. Koma pofuna kuti nkhani ikome, ndinatchula khonde, makina osokera, kiyosiki, mwendo uja, ngakhale pilo. Sindinalabadire kuti mtolankhani wa wailesi ina akujambula mawu anga. Anawaulutsa Lamlungu masana, anthu atabwerako ku tchalitchi.

Patatha milungu iwiri ndinakwera minibasi ku Limbe kupita ku Bangwe kuti ndikawathokoze mayi aja. Pakhonde panalibe makina, pachitseko panali loko watsopano. Ogulitsa madzi pakiyosiki anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, kenako anandiuza kuti alamu aja anabwera atatu, anang'amba mapilo onse mpaka kupeza mapepala aja, ndipo mayiwo ali kwa mng'ono wawo ku Machinjiri.

Ndinawapeza akusoka yunifolomu ya sukulu pansi pa mtengo wa mapeyala. Anandipatsa mpando. Akanandikalipira, mwina mtima ukanapepukako. Ndinayamba kudziteteza, zimene mpaka lero ndimachita nazo manyazi.

"Mayi, dzina lanu sindinalitchule."

Anaimitsa makina. "Achemwali, ku Bangwe ndani amandidziwa ndi dzina? Dzina lili pachiphaso. Mukangoti atelala otsimphina a pakiyosiki, aliyense akulozerani pakhomo."

Ndinabadwira ku Ndirande, ndipo ndinkadziwa bwino kuti kwathu munthu timamudziwa ndi ntchito yake, mayendedwe ake, ndi malo amene amakhala. Sukulu inandiiwalitsa zimene ndinkadziwa ndisanayambe n'komwe kuwerenga.

Ndinakadzineneza ndekha ku komiti ya bungwe yoona za khalidwe la mamembala. Sanandichotse. Anandiletsa kufufuza kwa chaka, ndipo anandipatsa ntchito yolembanso lamulo lija. Tsopano limati tibise chilichonse chimene chingalozere munthu, ndiponso tikamuwerengere mwini nkhani tisanaikambe pagulu. Ophunzira amene amalowa m'bungwe masiku ano amaliwerenga mothamanga monga ndinachitira ine, ndipo ndimawaimitsa kuti abwerezenso.

Bungwe linawapezera mayiwo loya, koma nyumba inali itagulitsidwa kale, ndipo mlandu unangokhalira kuimitsidwa. Mayiwo analerera ana awo atatu m'chipinda chimodzi cha mng'ono wawo. Ku Bangwe sanabwererenso, ndipo amene anawatulutsa m'nyumba yawo ndine.