Mutu Wometedwa Theka

Pamsewu wathu aliyense amawatcha aLumo. Ameta anthu zaka makumi awiri m'kachipinda komweko, ka galasi long'aluka pakona, mpando umodzi ndi benchi ya anthu anayi. Alinso m'komiti yokumana ndi apolisi mwezi ndi mwezi, ndipo ine ndinkawapewa chifukwa cha zimenezo. Ndinkati woseka ndi apolisi ndi kazitape basi.

Ali ndi kachizolowezi kamene amuna onse amakadziwa. Akafuna kukuuza mawu, amakumeta mbali imodzi, kenako n'kuzimitsa makina. "Atentha, apume kaye." Ndani angatuluke panja ndi mutu wa theka? Umangokhala, n'kumva.

Bambo a mwana wanga atachotsedwa ntchito yonyamula katundu, anayamba kupita ku misonkhano ina m'galaja yakale kuseri kwa depoti. Anabwerako ndi mzera wometedwa pamwamba pa khutu, ngati anzawo onse a kumeneko. Kuseka kunatha. Ankangoti obwera atilanda msika, mankhwala ake ndi moto. Lachiwiri lina ndikusesa, ndinapeza zigubu ziwiri za petulo kuseri kwa beseni losambitsira mwana. Mwana wake wokwawa, wogwira chilichonse.

Kupolisi sindikanapita. Ndinkaona amuna anga akumenyedwa m'chitokosi, ine ndatsala ndekha. Ndinabereka mwana n'kupita kwa aLumo.

"Mlamu, mwabwera kudzametetsa kadazi aka?" anatero, akuloza mwana.

Nditafotokoza, nthabwala zinawathera. Anati anyamata asanu anawapemphapo mzera umenewo, iwo osadziwa tanthauzo lake.

"Ndiwauza asajeni a kupolisi, sindikubisirani," anatero. "Koma ndinenanso kuti wabweretsa nkhaniyi ndi mkazi wofuna mwamuna wake wamoyo."

"Awamanga."

"Mwina. Koma lero akadali ndi poyankhira. Akangoyatsa, zatha."

Lachisanu amuna anga anapita kukameta monga mwa nthawi zonse. Ndinawatsatira, n'kukhala pakhonde la golosale yoyandikana, pamene ndinkamva zonse. Pabenchi panali asajeni, atavala malaya wamba, akuwerenga nyuzi. ALumo anameta mbali yopanda mzera ija mpaka kuyera, makina n'kuti zii.

"Atentha, apume kaye."

"Madala, malizani. Ndili ndi kopita."

"Khomo ndi ilo, mphwanga. Pita akakuseke a pa depoti."

Asajeni anapinda nyuzi. "Unyolo ndausiya ku ofesi, achimwene. Zigubu zija ndikuzidziwa. Funso langa ndi limodzi. Mayi anu amagulitsa tomato mzera wachitatu, pakati pa obwera awiri. Motowo mwauuza kuti ukafika pa benchi yawo udumphe?"

Amuna anga anadzuka, nsalu ili m'khosi. Anadziona pa galasi, mutu mbali yoyera mbali yakuda, n'kukhalanso.

"Amene akukutumani adzakhala kuti tsiku limenelo?" anafunsanso asajeni.

Mwana anayamba kulira kumbuyo kwanga, bambo ake n'kutembenuka. Anandiona. Sindinabisale.

"Chotsani zonse," anatero amuna anga. "Mpala. Ndi mzerawo."

Tsiku limenelo aLumo anatseka kachipinda kawo masana, chinthu chimene sachita Lachisanu. Zigubu ananyamula amuna anga okha, asajeni mbali iyi, aLumo mbali iyo, mpaka kupolisi. Apolisi anawafunsa mpaka dzuwa kupendeka, n'kuwabweza kunyumba. Galaja ija inatsekedwa sabata yomweyo.

Sizinathere pomwepo ayi. Masabata awiri amuna anga sanandiyankhule. Ntchito sanaipezebe, ndipo a mizera ena akamadutsa pakhomo amayenda pang'onopang'ono, ine n'kumawerenga nkhope zawo. Komiti ikamakumana tsopano ndimapita, mwana kumbuyo, n'kukhala pafupi ndi khomo. Mwezi watha ndinaimika dzanja, n'kufunsa asajeni kuti mkazi wopanda aLumo pamsewu wake akanene kwa ndani. Analonjeza yankho mwezi uno. Ndikawafunsanso.