Tcheni cha njinga

Ndinakwatira ku Ligowe, chikamwini. Makolo anga anamwalira ndili wakhanda, ndipo ndinakulira m'manja mwa agogo ku Magaleta. Ndinalibe amalume, choncho unkhoswe wanga anaugwira bambo wina wa kumpingo, amenenso anasamuka chaka chomwecho. Mkazi wanga ankadziwa kuti ndilibe kokadandaula.

Zinayamba ndi mafunso. Ndikachedwa kudimba, "Munali kuti?" Ndikafulumira, "Mwathawa khasu eti?" Foni yanga ankaimanga pa mfundo ya chitenje chake. Kenako anayamba kuchotsa tcheni cha njinga yanga n'kumachibisa m'thumba la chimanga. Ulendo uliwonse ndinkachita kupempha ngati mwana. Ndinkangokhala chete, poti ndi mmene ndinakulira: kuyang'ana, osayankha.

M'mawa wina mayi wogulitsa manachesi wa kwathu anaima pamsewu n'kundiuza kuti agogo agonekedwa kuchipatala ku Lisungwi, ndipo alibe wowadikirira. Ndinalowa m'nyumba, ndinapisa m'thumba muja n'kutulutsa tcheni. Ndili chogwada kuti ndichikoleke panjinga, mkazi wanga anafika kuchokera kumjigo.

"Mwapempha ndani?"

"Agogo akudwala."

"Agogo, agogo! Munakwatira agogowo? Mbatata ikumbidwa ndi ndani?"

"Ndipita basi, mayi."

Anatula ndowa. Ananditsomphola tcheni m'manja, n'kuchipinda pawiri.

"Iwe, pano si pamudzi pako."

Anali asananditchulepo kuti iwe. Ndikudabwa ndi mawuwo, tcheni chinandipeza pamwamba pa diso. Chachiwiri chinang'amba khutu. Ndinatchinga ndi mkono, mnofu unatseguka, girizi n'kusakanikirana ndi magazi. Anandimenyanso kumsana ndikukwawa, akufuula kuti mwana wamasiye sayamika. Apongozi anga anali pakhonde akusola chimanga. Sanaleke kusolako. Mlamu wanga anaseka n'kunena kuti, "Alamu, mwagwidwa ndi nkhuku yaikazi!"

Ndinadzuka, ndinamanga malaya kumutu, ndinauyamba wapansi. Njinga inatsala itagona pabwalo. Woyendetsa galimoto ya makala anandinyamula osafunsa kanthu.

Kuchipatala namwino anafuna ayambe wandisoka. Ndinakana, ndinati ndiyambe ndaona agogo. Ndinawapeza ali moyo, ataonda, kapu yawo ili youma. Anandiyang'ana nthawi yaitali ndi diso lawo limodzi lomwe linkaonabe.

"Watani?"

"Ndagwa panjinga."

Anandigwira khutu ndi zala zozizira, n'kuzinunkhiza, kenako anasuzumira kumsana kwanga.

"Njinga ya masiku ano imamenya ndi kumsana komwe? Kasoketse. Ukabwera undipatse madzi."

Ndinakhala wowadikirira, mwamuna ndekha pakati pa amayi kukhitchini ya odikirira odwala. Amayiwo ankandiseka poona mmene ndinkakolezera moto, koma ankandigawira nkhuni. Mlamu wanga anabwera kamodzi ndi uthenga woti mbatata ikuwola m'munda, ndibwerere. Ndinali ndikuchapa nsalu za agogo pampopi. Ndinamuuza kuti akumbe yekha, ndipo ndinapitiriza kuchapa.