Chitenje cha Amayi ku Roma

Loweruka, 16 Juni 2018

Ndadzuka khosi likuwawa, koma mtima uli m'malo. Tinabwerako dzulo ku Roma, komwe tinapita ndi aphunzitsi athu a zojambula. Kumeneko munthu umayenda maso ali m'mwamba. Pamakoma pali angelo a miyala onenepa ngati makanda, nsanamira zopotana, madzi akutuluka m'kamwa mwa nsomba zosema. Aphunzitsi anati kamangidwe kameneka amakatcha Baroko. Kuno ku Highfields, dera lomwe timakhala kunja kuno, ndi njerwa zofiira basi.

Tsiku lonyamuka, amayi atangoweruka kuchipatala, anandiikira chitenje m'chikwama.

"Amayi, ndikachitani nacho ku Italy?"

"Mwana wamkazi sayenda ulendo wopanda chitenje. Tenga, iwe."

Mnzanga wa ku Braunstone, dera lina la mumzinda uno, mzungu, teremu yonse wakhala akujambula denga la tchalitchi china cha kumeneko poonera pa foni. Mayi ake anagwira mashifiti owonjezera kuti mwana wawoyo akalione ndi maso. Tinafikako tsiku lomaliza, dzuwa likuswa mtengo. Mlonda wachikulire wa pakhomo anatilowetsa tonse, koma iye anamuimitsa, n'kuloza mawondo ake. Anali atavala kabudula, ndipo m'matchalitchi mwawo salowa mawondo ali pamtunda. Nthawi yobwerera ku hotelo panalibe. Mnzangayo anangoti chilili, nkhope itafiira.

Ndinatulutsa chitenje chija.

"Kweza manja," ndinatero. Ndinamukulunga m'chiuno n'kupisa nsonga monga amachitira amayi.

"Chigwatu ichi!"

"Sichigwa. Kwathu amalima atavala chimenechi. Ungoyenda mwaulemu, osati ngati ukuthamangira basi."

Mlonda uja anamuyang'ana mpaka kumapazi, n'kupatuka pakhomo.

M'kati munali mozizira, mukumveka fungo la makandulo. Denga lake limaoneka ngati latseguka: mitambo, anthu akukwera kumwamba, osadziwa pomwe khoma lathera ndi pomwe utoto wayambira. Poyamba mnzangayo anagwirira chitenje ndi dzanja limodzi. Kenako anachiiwala, n'kutulutsa pensulo. Ine ndinangokhala pabenchi, mutu uli chagada, mpaka aphunzitsi anatiitana.

Nditawafotokozera zonsezi amayi m'mawa uno, anangoti, "Chabwino. Nanga chitenje changacho chili kuti?"

Mnzanga uja anatsika nacho ndege, ali chivalire. Mawa tikaweruka kutchalitchi ndikwera basi ya ku Braunstone kukachitenga, ndikamuphunzitsenso kumanga yekha.